Funsani Amayi a ku Laibulale: buku langa linalowera kuti?

Makalata a mwezi uno ambiri akuzungulira pa nkhani imodzi, ndiye ndawaika pamodzi. Ndikulemba ndili kwathu ku Katoto, mvula ikuwaza kuyambira m'mamawa, ndipo patebulo panga pali timabuku tinayi timene eni ake ananditumizira kuti ndiwauze ngati tingalowe mu laibulale. Kwa inu amene mwayamba kumene kuwerenga tsamba lino, ndinagwira ntchito ya mabuku zaka 26, zambiri mwa izo muno mu Mzuzu, ndisanapume.

FUNSO: Zikomo amayi. Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina yoyendera. Ndinalemba nthano yaitali ya mtsikana wogulitsa nthochi pa depoti, ndipo mnzanga amene ali ndi kakampani kosindikiza anandisindikizira mabuku 200. Ndalama zake ndinachita kukongola ku banki mkhonde. Ndinapita nalo buku ku laibulale ina, anangoti "siyani tiliona." Papita miyezi isanu ndi iwiri, kuli zii. Chonsecho mashelefu awo adzaza ndi nthano za ku London ndi New York. Kodi amasankha bwanji? Kapena mpaka udziwane ndi winawake?
Mphunzitsi wa ku Chibavi

YANKHO: Aphunzitsi, pepani. Ngongole ya banki mkhonde sidikira laibulale, ndikudziwa. Mawu akuti "siyani tiliona" nanenso ndinawalankhulapo kwa anthu, nthawi zina mtima ukuwawa, podziwa kuti mu ofesi munalibe ndi tambala yomwe yogulira buku.

Tiyambe ndi nthano za ku London mwazionazo. Zambiri mwa izo laibulale sinagule, zinabwera m'makatoni ngati mphatso. Bungwe la Book Aid International la ku Britain lakhala likutumiza mabuku ku Malawi kwa zaka zambiri, ndipo limagwira ntchito ndi National Library Service, bungwe loyang'anira malaibulale a boma limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1967, likulu lake lili ku Lilongwe. Mipingo ndi abwenzi ena akunja nawonso amatumiza awo. Tonse a muno tikukumbukira mu Disembala 2015 pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa, ndipo mphatso za mabuku zinachokera kutali kudzapukuta misozi. Mphatsozi ine sindizinyoza, ana ambiri aphunzira nazo. Koma dziwani kuti buku lanu silinagonje kwa la ku London chifukwa cha kukoma kwa nkhani. Lija linafika laulere, lanu likufuna ndalama.

Ndalamayo ikapezeka, imayamba yapita kumene kuli phokoso. Lowani mu laibulale iliyonse mayeso a MSCE akayandikira, mudzapeza mipando yonse yatha, ana ena atakhala pansi, atatu akulimbirana buku limodzi la Biology. Woyang'anira amene akuona zimenezi tsiku ndi tsiku, akampatsa kandalama, amagula mabuku a sukulu ndi nyuzipepala. Nthano zimadya makombo. Ndipo makombowo anachepa kwambiri kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, poti mapepala ndi inki osindikizira timagula kunja.

Tsono pa kandalama kotsalako mpamene osindikiza akuluakulu amakuposani. Iwo ali ndi kabuku ka mndandanda wa mabuku awo ndi mitengo yake, ali ndi munthu woyenda m'masukulu ndi m'malaibulale, ndipo ukawapempha kotesheni m'mawa, masana yafika. Ofesi yogwiritsa ntchito ndalama za boma kapena za opereka thandizo singagule chinthu popanda mapepala: kotesheni, invoisi, lisiti, nambala ya msonkho ya TPIN yochokera ku MRA, kawirikawiri ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina la bizinesi. Akauntanti sangatumize ndalama pa foni ya munthu n'kulemba kuti "nthano zisanu." Mabuku abwino angapo anandipulumuka chifukwa cha zimenezi zokha. Funsani mnzanu uja ngati kakampani kake kali ndi mapepala amenewa. Ngati kalibe, pemphani sitolo ya mabuku yolembetsedwa kuti ikugulitsireni, ngakhale idyepo pang'ono.

Dziwaninso kuti amene munamupatsa buku pa kauntala mwina sindiye wosankha. M'malaibulale okhala ndi nthambi zambiri, kugula kumachitikira kulikulu, nthambi imangopereka maganizo. Ku laibulale ya sukulu, ya mpingo kapena ya m'dera, amasankha ndi woyang'anira pamodzi ndi ahedi kapena komiti. Buku lanu likhoza kukhala lili m'dirowa ya munthu amene alibe mphamvu yonena kuti inde kapena ayi.

Tsopano ndikuuzeni zimene ine ndinkachita buku ngati lanu likafika m'manja mwanga.

Ndisanawerenge liwu ndi limodzi lomwe, ndinkalitsegula pakati n'kulikanikiza ndi chikhatho patebulo. Likalira kuti "the!" ndinkadziwiratu kuti guluu wake ndi wouma ndipo masamba ayamba kuthothoka posachedwa. Buku la panyumba limawerengedwa kawiri kapena katatu n'kukagona m'kabati. La mu laibulale limakwera kabaza, limalowa m'chikwama limodzi ndi chimanga chootcha, limagona pansi pa pilo, limanyowa ndi mvula ya ku Mchengautuwa. Ndiye Mzuzu wathuyu ndi wachinyontho. Mapepala opyapyala amafufuma, masitepulo amachita dzimbiri n'kudya pepala mozungulira, chikuto chopanda pulasitiki chimapindika ngati tsamba la fodya. Ndinkayang'ananso msana wa buku. Mabuku pa shelefu amaima moonetsa msana wokha, tsono ngati pamsanapo palibe mutu ndi dzina la mlembi, bukulo lasowa ngakhale lilipo.

Kenako ndinkatembenuza tsamba la mutu kuti ndione kuseri kwake: wosindikiza ndani, kuti, chaka chanji, nambala yozindikiritsa buku ya ISBN ilipo kapena ayi. Popanda zimenezi wolemba kaundula amavutika, ndipo buku lovuta kulemba m'kaundula limakhalitsa m'katoni.

Ndikatero mpamene ndinkawerenga. Masamba khumi oyamba, kenako ndilumphe ndikagwere pakati, kenako mutu womaliza. Alembi ambiri amasesa pakhomo pokha, masamba oyamba ali see, koma ukafika tsamba 60 upeza munthu amene anali Nabanda wasanduka Nangozo, mawu amodzi alembedwa mitundu itatu, ndime yathunthu yabwerezedwa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Apa mpamene osindikiza ang'onoang'ono amagwera kawirikawiri, chifukwa ndalama yolipira mkonzi amaiona ngati yotayika. Inu ndinu mphunzitsi wa Chichewa, komabe diso la mwini silionetsetsa. Ngati mudzasindikizanso, mupatse mnzanu wa cholembera chofiira amene sakuopani.

Koma ndisakunamizeni kuti buku lolimba ndi lokonzedwa bwino ndiye lokhalo ndinkalandira. Chaka china kunabwera bambo wina wachikulire wochokera cha ku Ekwendeni, atanyamula timabuku take m'jumbo ya shuga. Kanali kabuku ka masamba osapitirira 80, chikuto chobiriwira chotuwa, zilembo zina zosaoneka bwino. Nkhani yake inali ya mnyamata amene anapita ku Joni n'kusiya mkazi ndi mimba. Ndinakawerenga nthawi ya nkhomaliro, nsima n'kuzizira. Ndinatenga tiwiri, n'kusoka msana wake ndi singano ndi ulusi wa nsapato, chikuto n'kuchikuta ndi pulasitiki. Kumapeto kwa buku lililonse timamata kapepala kodindapo tsiku lobweza. Ka kabuku kameneka kanadzaza zidindo mbali zonse ziwiri, ndinamatapo kachiwiri, kenako kachitatu. Amayi ogulitsa mumsika waukulu ankachita kutumiza ana kudzafunsa ngati kabwera. Pa shelefu yomweyo panali mabuku onenepa a chikuto cholimba ochokera kunja amene kapepala kawo kanali koyera mpaka tsiku limene ndinapuma ntchito. Kuyambira pamenepo, komiti ikamakayika za buku la kuno, ndinkangotenga kabuku kobiriwira kaja n'kukatsegula kumapeto.

Nthano ya mtsikana wa nthochi pa depoti ndi ya mtundu womwewo, ndipo ndikukhulupirira ili ndi owerenga ake. Bwererani. Lembani kalata kwa mkulu wa laibulaleyo, osati kungosiya mawu pa kauntala. Muikemo pepala limodzi lofotokoza nkhaniyo m'mizere isanu, msinkhu wa owerenga amene mukuwafuna, mtengo, ndi kumene bukulo likupezeka. Funsani mwaulemu kuti buku munasiya lija lili ndi yani. Ndipo ophunzira anu amene analiwerenga n'kulikonda, auzeni akalifunse pa kauntala. Malaibulale ambiri amasunga kope lolembamo mabuku amene anthu afunsa koma palibe, ndipo mutu ukaonekamo kasanu ndi zolemba za manja osiyana, woyang'anira amakhala ndi poyambira kukamenyera nkhondo. Musawatume kuti akanamizire, woyang'anira amazindikira.

Za kudziwana mwafunsazo, sindikana kuti nkhope yodziwika imakumbukika msanga. Koma pa zaka zanga zonse, mabuku a kuno amene sanalowe, ambiri sanalowe chifukwa sitinkadziwa n'komwe kuti alipo.

FUNSO: Amayi, ISBN ndi chiyani, ndipo imagulidwa kuti? Wosindikiza wanga akuti ndi zosafunika.
Mtsikana wolemba nkhani zazifupi, Luwinga

YANKHO: Achemwali, ndi nambala ya manambala 13 imene imasiyanitsa buku lanu ndi lina lililonse pa dziko lapansi. Kale inali ya manambala 10, inasintha mu 2007. Kuno kwathu imaperekedwa ndi National Archives of Malawi ku Zomba, ndipo mukaona mabuku osindikizidwa m'dziko muno, ambiri nambala yawo ili ndi 99908 kapena 99960 koyambirira, pambuyo pa 978. Komweko ku Zomba n'kumenenso lamulo limafuna kuti wosindikiza apereke kope la buku lililonse lotuluka m'dziko muno kuti lisungidwe. Ambiri sachita, ndipo ndi chifukwa chake timabuku tambiri ta zaka za m'mbuyomu tinazimirira ngati sitinalembedwepo.

Nambalayi siikometsa nkhani, koma wosindikiza wanu akulakwitsa. Sitolo za mabuku ndi malaibulale amaitanitsa ndi kulemba mabuku pogwiritsa ntchito nambala imeneyi. Muumirireni, ndipo isindikizidwe kuseri kwa tsamba la mutu ndi pa chikuto cha kumbuyo. Mukapezanso mpata, dzilembetseni ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ndipo yandikirani a Malawi Writers Union kuti musamayende nokha.

FUNSO: Ine ndimawerenga Chichewa bwinobwino, koma kwathu ndi ku Rumphi ndipo mayi anga amamva Chitumbuka chokha. Ndinafuna kuwabwerekera nthano yoti ndiziwawerengera madzulo poti maso awo anafooka. Ndinapeza Baibulo ndi buku la nyimbo basi. Kodi malaibulale amakana mabuku a Chitumbuka?
Bambo wa ku Zolozolo

YANKHO: Bambo, kalata yanu ndaiwerenga kawiri. Mayi anu ali ndi mwana.

Ine sindinakanepo buku chifukwa ndi la Chitumbuka, ndipo sindinaonepo mnzanga akutero. Tikanalilandira ndi manja awiri. Vuto lili kumtunda kwa mtsinje. Amishoni a ku Livingstonia ankasindikiza mabuku a Chitumbuka kalekale, koma mu 1968 boma litasankha Chichewa ndi Chingerezi kukhala zilankhulo za dziko, Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Pa wailesi chinabwerera mu 1994, koma zaka zonsezo panakula mbadwo wolankhula Chitumbuka osazolowera kuchiwerenga kapena kuchilemba. Wosindikiza wamkulu amayang'ana kumene kuli msika, ndipo msika waukulu wa mabuku m'dziko muno ndi sukulu. Buku likasankhidwa kukhala pa silabasi limagulidwa mwaunyinji, likapanda kutero limayenda pang'onopang'ono. Nthano ya Chitumbuka ilibe khomo limenelo.

Ndiye ngati nthano za Chitumbuka, Chitonga, Kyangonde kapena Chilambya zidzafike pa shelefu, zidzachokera kwa osindikiza ang'onoang'ono ndi alembi odzilipirira okha, anthu onga aphunzitsi a ku Chibavi aja. Ichi ndi chifukwa chake ndimalimbikira kuti malaibulale a kuno kumpoto asamadikire kuti mabuku awapeze. Muno mu Mzuzu muli osindikiza monga Mzuni Press ndi Luviri Press, odziwika kwambiri ndi mabuku a mbiri ndi za chipembedzo, umboni woti buku likhoza kubadwira konkuno osadzera ku Blantyre. Woyang'anira laibulale ayenera kumayenda: ku sitolo za mabuku za mipingo, ku miyambo yokhazikitsa mabuku, ngakhale kwa osindikiza makadi a ukwati, poti iwo ndi amene amadziwa kuti ndani wasindikiza kabuku mwezi uno. Ine ndinkapatula Lachisanu limodzi pa mwezi kuchita zimenezi, ndipo sindinabwerepo chimanjamanja kawiri motsatizana.

Pakali pano, kalembetseni pempho lanu ku laibulale, mutchule kuti mukufuna nthano za Chitumbuka za akuluakulu. Funsaninso ku mpingo kwanu ndi kwa aphunzitsi opuma, ena amasunga timabuku takale m'masutikesi. Ndipo madzulo ena, m'malo mowawerengera, apempheni mayi akusimbireni vidokoni vyawo, nthano za makolo zija, inu muzijambula pa foni. Mukadzazilemba, mudzanditumizire.

FUNSO: Mwana wanga wa Fomu 2 anabwereka buku la mlembi wa konkuno. Nditalisuzumira ndinapeza muli za chibwenzi, mimba ndi kuchotsa pakati. Ndani amalola zoterezi kulowa mu laibulale?
Kholo lokhudzidwa, Chiputula

YANKHO: Mayi kapena bambo, poti simunatchule, mwachita bwino kusuzumira. Amalola ndi munthu ngati ine, ndipo ndikuuzani mmene ndinkaganizira. Mabuku a osindikiza akuluakulu amabwera atalembedwa kale msinkhu wa owerenga. A ang'onoang'ono nthawi zambiri salemba, ndiye woyang'anira amayenera kuliwerenga yekha n'kusankha ngati lipite ku shelefu ya ana, ya achinyamata kapena ya akuluakulu. Ntchito ikachuluka ena amangoona chikuto, ndipo buku limasochera shelefu. Ngati ndi zimene zinachitika, kauzeni woyang'anira, alisuntha.

Koma kulichotseratu ayi, pokhapokha ngati linalembedwa ndi cholinga chongodzutsa chilakolako. Funso limene ndinkadzifunsa ndi lakuti, kodi mlembiyu akunena zoona za moyo wa ana athu, ndipo akuwalemekeza? Atsikana a Fomu 2 akutenga mimba m'makwalala athu omwewa. Dziko lino linakhala ndi nthawi yake, pansi pa lamulo la 1968 lounika mabuku ndi zisudzo, pamene mabuku ambiri ankaletsedwa, ndipo ife amene tinakula nthawi imeneyo tikudziwa kuti mavuto sanathe chifukwa choti sankalembedwa. Liwerengeni lonse bukulo, kenako mukhale naye pansi mwanayo mumufunse kuti mtsikana wa m'nkhaniyo akanatani.

FUNSO: Kodi ndingopereka buku langa ulere ku laibulale? Anzanga akuti ndikatero palibe adzagule.
Mnyamata wa ku Masasa

YANKHO: Achimwene, perekani awiri, osapitirira apo, ndipo mulembetse kuti mwapereka. Awiri chifukwa limodzi likabwerekedwa lina lizioneka pa shelefu. Osapitirira apo chifukwa thukuta lanu liyenera kulipidwa, ndipo sindifuna malaibulale azolowere kuti mlembi wa kuno ndi wopempha pomwe makina osindikizira analipidwa. Muike kapepala m'kati konena kumene ena angagule. Pakatha miyezi itatu mupite mukaone zidindo kumapeto kwake. Ngati zachuluka, muli ndi umboni wopempherera kuti agule ena a nthambi zina. Zoti anthu sadzagula, ine ndinaona zosiyana: amene ankabwera kudzandifunsa kuti "buku lija amagulitsa kuti, ndikufuna langalanga" anali omwe analibwereka kale.

Dziwani kuti mphatso nayonso imasankhidwa. Laibulale ili ndi ufulu wokana buku ngakhale laulere, chifukwa kulilemba m'kaundula, kulikuta ndi kulipezera malo zonse zimadya nthawi ndi ndalama.

Tsono za timabuku tinayi tili patebulo panga. Eni ake mudzizindikira nokha. Ka chikuto chachikasu, ka nkhani ya asodzi a ku Usisya: nkhani ndi yokoma kwambiri, Chichewa chake chosalala, koma masamba 33 mpaka 40 anamatidwa mozondoka, bwererani kwa wosindikiza akukonzereni musanapite nako kulikonse. Ka ndakatulo ndi nkhani zosakaniza: patulani, zikhale mabuku awiri, chifukwa mu laibulale ndakatulo ndi nthano sizikhala pa shelefu imodzi ndipo wolemba kaundula adzasowa pokaika. Ka chikuto chokhala ndi chithunzi cha mzungu wotengedwa pa intaneti pomwe nkhani ndi ya ku Embangweni: sinthani chikutocho, muli ojambula aluso muno mu mzinda, komanso chithunzi cha eni ake chingakupalamulitseni mlandu. Kachinayi, kopyapyala kosokedwa ndi ulusi, ka agogo olera adzukulu asanu ku Ching'ambo, ndakawerenga kawiri ndipo sindinapezemo chokonza kupatula msana wopanda dzina. Lolemba likubwerali ndikupita nako ndekha kwa anzanga amene adakali pa ntchito, ndipo ndatenga kale pulasitiki yokutira.

Makalata a mwezi wamawa afike kwa mkonzi lisanakwane tsiku la 15. Amene mukutumiza mabuku, muwakulunge m'pulasitiki, mvula ya kuno idakalipo.